Yankho la Nambala 37

Madzulo a Lachinayi lina mu Febuluwale, Khumbize anatsala yekha muofesi pa Karonga boma. Anali katswiri wa makompyuta wa bungwe lina la zaulimi, wochokera ku Blantyre, ndipo kutumizidwa kuno ankakuona ngati chilango. Ogwira ntchito m'timaofesi takumidzi ankawatcha "mbuli zanga". Akamuimbira, foni ankaisiya patebulo azilankhula okha.

Kupitako sankapita. Anali ndi kapulogalamu kake kamene kankagogoda pa makompyuta onse makumi anayi, imodziimodzi, n'kulemba mamilisekondi amene yankho latenga. Nambala ikakula, ndiye kuti kompyutayo ili kutali kapena netiweki yafooka.

A Yotamu, mlonda, anasuzumira pakhomo.

"Bwana, mvula iyi njoyipa. Bwanji muweruke?"

"Ndakufunsani zanyengo, madala? Kalondereni geti."

Anakayatsa kapulogalamuko. Songwe, 180. Lupembe, 95. Mizere inkatsika bwinobwino mpaka pa nambala 37: Kayelekera, 900.

Khumbize anatsonya. Kaofesi ka kumeneko kanatsekedwa chaka chatha, ndipo ngakhale magetsi kulibe.

"Mbuli ina yalumikiza chinthu chosachidziwa," anadziuza.

Anabwereza. 640. Anabwerezanso. 410.

Mvula inakula. Manambala a maofesi ena onse ankakwera, monga zimakhalira kunja kukaipa. Ya 37 yokha inkatsika. 200. 75. Pang'onopang'ono, mosaphonya, ngati munthu amene ali pa ulendo.

Anazula chingwe cha intaneti pakhoma. Makompyuta onse anakhala chete. Nambala 37 inayankha: 12.

Khumbize anaitana a Yotamu, koma mawu ake anamizidwa ndi phokoso la pamalata.

3.

Pakhonde panamveka mapazi olemera, a munthu wosenza katundu. Pansi pa chitseko panalowa madzi ofiira, onunkha matope a mumtsinje. Pasikirini nambala inafika pa ziro.

"Odi, bwana." Mawuwo sanali a Yotamu. "Munati ndibwere nayo ndekha. Ndabwera nayo."

M'mawa, a Bertha, kalaliki wa paofesipo, anapeza chitseko chili pululu. Patebulo panali matope, osiya chizindikiro cha ngodya zinayi. Khumbize anapezeka ndi amayi ogulitsa mpunga pa mlatho wa Rukuru, wopanda nsapato, mikono ataipinda pachifuwa ngati wafungatira bokosi. Amuna atatu analephera kuiwongola.

Pamsika palibe anamumvera chisoni. Ankangonong'onezana za Gordon, bambo wa ana anayi amene ankasunga kaofesi ka ku Kayelekera. Akuti chaka chatha kompyuta yake itavuta, mayina a alimi oyenera kulandira mbewu ali momwemo, anaimbira Khumbize kakhumi. Khumbize anamuyankha kamodzi kokha: "Ine sindiyendera anthu osadziwa ndi poyatsira pomwe. Bwera nayo wekha." Gordon anaimanga panjinga mvula ili mkati. Njingayo inapezeka m'bango mumtsinje wa Rukuru patapita masiku atatu. Mwini wake ndi kompyuta sizinaonekenso.

"Ndiye ujeni wa ku Blantyre uja walandira katundu wake," anatero mayi wina uku akuyeza mpunga. "Akonze tione."

Abale a Khumbize atabwera kudzamutenga, a Bertha anawaperekeza pa basi. Akuti mpando wa pambali pa Khumbize palibe anakhalapo njira yonse. Koma pofika ku Mzuzu unali utanyowa, madzi akudonthera pansi.