Boti Lobwerera Lopanda Kanthu

Madzulo amenewo, monga mwa masiku onse a chilimwe, Hedley Pardy anali m'shedi ya pagombe la Herring Tickle, ku Newfoundland, akukoleka nyambo kumbedza. Ntchitoyi imafuna dongosolo: chingwe n'chachitali, mbedza zake n'zambirimbiri, ndipo msodzi amachipinda mozungulira mumgolo wodula pakati kuti chisakolane pochiponya m'nyanja mamawa. Pa zimenezi Hedley anali katswiri. Koma chaka chimenecho chingwe chake chinkavuuka nyambo zili zosakhudzidwa, chikununkha dothi la manda. Aliyense wodziwa nyanja angavomereze kuti chingwe chonyowa chimanunkha mchere ndi ndere, osati dothi.

Azariah, mlamu wake amene ankapalasa naye boti, ananunkhiza zala zake n'kulavula.

"Alamu, izi si za m'nyanja ayi."

"Kolekani nyambo, musandisokose."

"Ine ndangonena. Ngakhale mphaka akukana kulowa muno."

Chimene chinkamudya mtima Hedley si njala, koma maso a anthu. Maboti ena ankafika atalemedwa, akazi n'kuyamba kutumbula nsomba ndi kuzithira mchere, pamene mkazi wake, Tryphena, ankangoima ndi mpeni wouma m'manja. "Akaputeni," asodzi anzake a Hedley ankafuula, "lero mwakazisambitsanso bwino mbedza zija?" Iye ankaseka nawo, makutu akutentha.

Chodabwitsa n'chakuti Obadiah Rideout, amene ankatchera chingwe chake pafupi ndi cha Hedley, ankakola nsomba pambedza iliyonse. Tsiku lina chifunga chitatsika, anthu anamva lipenga la boti lake likulira motalikitsa, kenako zii. Boti likadzaza mopitirira, kafunde kakang'ono n'kokwanira kulimiza. Anangotola nkhafi imodzi.

Manong'onong'o anayamba pamaliro opanda mtembowo. Mwambo wa m'mudzimo unali wakuti pa nsomba zoyamba za chaka, mkazi wamasiye aliyense alandireko yake. Anthu anakumbuka kuti Hedley anawadumpha Azakhali Dorcas, mayi wamasiye wokhala kuphiri, chifukwa mbuzi zawo zinamudyera kabichi. Hedley anagwira ndi manja awiri ganizo loti mayiwo anamulodza, pakuti kulodzedwa n'kopepuka kusiyana ndi kulephera. Lamulungu, pakhomo la tchalitchi, anawaloza chala.

"Mfiti inu! Mwandimangira nsomba, mwadyanso Obadiah!"

Kuyambira tsikulo palibe anawapatsanso nsomba mayiwo.

Njira yogwirira mfiti inali yodziwika kwa onse. Wolodzedwayo amathira mkodzo wake m'botolo, amaponyamo singano, n'kutseka zolimba. Malinga ngati botololo lili chitsekere, wolodzayo sangathe kutaya madzi. Mimba imatupa mpaka adzapemphe yekha chifundo, apo ayi amafa. Hedley anachita zonsezi, n'kupachika botololo pamtanda wa shedi amuna onse akuona.

"Ibwera yokha chokwawa," anatero. "Nonse mudzaiona."

Tsiku lotsatira Azakhali Dorcas anadutsa atanyamula ndowa ziwiri zamadzi, ali bwinobwino. Kunyumba, Tryphena anakankha kapu ya tiyi osamwa, thukuta lili kamukamu. Madzulo a mkuja wake, Hedley akukwera njira ya kwawo, anamva kubuula kwakuya ngati kwa ng'ombe yovutika pobereka, kumveka mpaka kugombe. Atalowa anapeza mkazi wake ali gada, mimba itauma ngati ng'oma, Azakhali Dorcas atagwada pambali akumuthowa ndi nsalu yofunda.

"Katseguleni botolo lija, bambo," Tryphena ananong'ona.

Hedley anamuyang'anitsitsa mkazi wake. "Tryphena, ndiwe?"

"Bambo anga chinawamiza ndi boti lodzaza. Chaka chino ndinalota lanu likumira. Ndinkawaza dothi la pamanda awo m'migolo mwanu. Boti lopanda kanthu limabwerera, bambo."

"Nanga Obadiah?"

"Ine nsomba ndinangozikankha. Sindinadziwe kuti zikathera kwa ndani."

Hedley anafuna kuyang'ana mayi uja, koma khosi linakana. Azakhali Dorcas anafinya nsalu osatukula mutu.

"Pita, mwana iwe. Za ine tidzakamba tsiku lina. Ukachedwa, uyu safika mawa."

Njira yotsikira kushedi sinayambe yatalikapo chotero. Amuna anali mmenemo ndi migolo yawo, popeza aliyense ankafuna kudzaona mfiti ikukwawa. Analipo Azariah, analiponso Job, mkulu wake wa malemu Obadiah, amene sanasekepo chichokereni kumaliro.

"Akaputeni afika!" wina anafuula. "Agogo aja akuchedwa, kapena tikawatengere ngolo?"

Hedley anakwera pabokosi n'kutsitsa botolo. Linali lofunda ngati thupi la munthu, ndipo singano zinkagunda galasi pang'onopang'ono ngakhale dzanja lake linali litaligwira nji.

"Mukutani, alamu?" Azariah anafunsa. "Mfiti sinabwere."

"Yabwera."

Anazula chotsekera. Nthawi yomweyo kubuula kwa kumtunda kunaduka. Ankamveka ndi mafunde okha pansi pa matabwa. Amunawo anatembenukira nyumba imene phokosolo linkachokera. Palibe anafunika kufotokozeredwa. Job anayika mbedza pansi mosamala kwambiri.

"Dzina la mayi wosalakwa unalifuula mudzi wonse ukumva," anatero. "La mfitiyi ulitchulenso."

Hedley anatsika pabokosi, maso ali pabotolo. Azariah ananyamula mgolo wake n'kutuluka osayang'ana munthu, pakuti Tryphena anali mlongo wake.

Sabata isanathe, banja la Pardy linakwera sitima ya katundu. Zitseko zonse za m'mudzimo zinali zotseka. Padoko panafika munthu mmodzi yekha, Azakhali Dorcas, atanyamula buledi wokulunga m'nsalu. Anamutambasulira Hedley, n'kudikira nthawi yaitali. Hedley anangozyolika, manja ali lende, mpaka mayiwo anawerama n'kumuyikira buledi uja pamapazi.