Mapeyala a Mwezi wa Njala

Vailet atamva kulira kwa nkhwangwa kumunda kwa mayi ake, anaponya chikwama cha mabuku pansi n'kuthamangira kuphiri. Anapeza amalume ake, a Bizwick, atagwetsa kale mtengo umodzi wa mapeyala. Mayi ake anali kothyola tiyi kuesiteti, ndiye amalumewo anaona ngati apeza danga.

Mtsikanayo sanafunse zambiri. Anakwera mtengo wachiwiri ndi yunifolomu yomwe, n'kukhala panthambi.

"Tsika iwe!" anakalipa a Bizwick. "Mitengoyi ndawalonjeza kale anthu owotcha njerwa. Mthunzi wakewu ukupha chimanga. Uwu ndi munda kapena nkhalango?"

"Sinditsika, malume. Dulani, tigwere limodzi."

"Ukuyankha ine? Mwini mbumba ndine pano!"

"Mbumba ndi yanu, koma mitengo anabzala ndi amayi. Nthambi timadulira chaka ndi chaka, chimanga chimaona dzuwa, nandolo amabereka. Nanga dothi paphiri pano likugwiridwa ndi chiyani, si mizu yomweyi?"

Dzuwa linafika paliwombo. Nyerere zinkamuluma Vailet, mantha analinso nawo ndithu, koma sanasunthe. Anthu odutsa anayamba kuima n'kumaseka bambo wamkulu akukangana ndi mwana ali mumtengo. Manyazi atawagwira, a Bizwick anaika nkhwangwa paphewa n'kupita kukagwetsa mitengo ya m'munda mwawo, yonse psiti, kuti owotcha njerwa asawanene abodza.

Unafika Febuluwale, mwezi umene ufa umatha m'nyumba chimanga chisanakhwime. Mvula yamphamvu inakokolola munda wa a Bizwick, nthaka ndi mbewu zomwe. Kwa Vailet mizere inali chilili, nthambi zitawerama ndi mapeyala. Ena ankadya, ena mayi ake ankapita nawo ku Luchenza pakabaza n'kubwerako ndi ufa.

Tsiku lina Vailet anapeza amalume ake atakhala pachitsa cha mtengo anadula uja.

"Ana kunyumba sanadye dzulo," anatero, maso ali pansi.

Mkwiyo unali usanamuthere Vailet, komabe anakwera mtengo anaupulumutsa uja n'kuthyola mpaka dengu kudzaza. Peyala limodzi logwa lokha, lofewa kale, anawapatsa m'manja. A Bizwick analidya pomwepo. Atamaliza anakweza dzanja kuti ataye njere yake kutchire, koma dzanjalo linaima m'malere. Anaipukuta ndi malaya njereyo, n'kuiika m'thumba.