Pepala Limene Evaristo Anasaina

Evaristo Daka anamuona koyamba pasiteji ya minibasi za ku Bwacha, Lolemba m'mawa. Anali namwino wovala zoyera mbee, buku lonenepa ngati njerwa lili pachifuwa.

Iye anali atamanga tayi ya malemu bambo ake. Ntchito ya tayiyo inali kumuperekeza kuchokera ku Nakoli mpaka kuseri kwa mgodi, kumene ankaivula n'kuipinda m'thumba. Mgodi wa Kabwe unali utatsekedwa kalekale, makampani a boma atagulitsidwa, ndipo amuna ankangokumba phiri lakuda la zotsalira za mgodi kufuna miyala ya mtovu yogulitsa. Evaristo anali mmodzi mwa iwo. Koma ndani anafunsirapo mbeta fosholo ili paphewa?

"Ba Sister, bukulo ndi lolemera. Ndipatseni ndinyamule, inu munyamule mtima wanga chabe."

Namwinoyo, dzina lake Miyoba, sanaseke. Evaristo anaseka yekha, mano onse pamtetete. Apo m'pamene mtsikanayo anamuyang'anitsitsa pakamwa.

"Tasekaninso," anatero.

Mayo! Mkazi wopempha yekha kuti umusekere! Evaristo anaseka mpaka kondakitala anacheuka.

"Mugwira ntchito yanji?" anafunsa Miyoba.

"Ndine kalaliki. Ku ofesi ya amene anagula zitsulo za mgodi."

"Kalaliki," anabwereza Miyoba, maso ali pa zikhadabo zakuda za mnyamatayo.

M'minibasi anamufotokozera kuti unamwino anaumaliza kale, tsopano akuchita maphunziro apamwamba, ofufuza mmene matenda amayendera m'thupi. "Matenda ali ndi njira yake," anatero. "Namwino akaidziwa njirayo, amakawadikira kutsogolo."

"Ine matenda anga ndinu," anayankha Evaristo.

"Mubwere kuchipatala Lachinayi. Ndili ndi pepala loti muone."

Lachinayi anamupatsa masamba awiri a Chingerezi chothinana. "Muwerenge bwino. Ngati simufuna, musasaine."

Evaristo sukulu anaisiya giredi folo. Chinyanja ankachikoka pang'onopang'ono, koma Chingerezi chinkangomuyang'ana. Anene? Kalaliki wathunthu, tayi ili pakhosi? Anayendetsa chala m'mizere, akugwedeza mutu ngati loya.

"Zoterezi ndisaina tsiku lililonse ku ofesi," anatero, n'kukhwatcha dzina lokhala ndi mchira wautali.

Masana anauza mnzake Petson, amene ankakumba naye dzenje limodzi: "Mwandini, anthu ophunzira safunsirana pakamwa. Amasainirana!"

Kuyambira pamenepo Lachinayi lililonse linali lawo. Miyoba ankamupatsa zala ziwiri. "Finyani mwamphamvu." Evaristo ankafinya mtima ukugunda. Miyoba ankamukoka chikope n'kumuyang'ana m'diso nthawi yaitali. Ankamufunsa za mutu, za tulo, ngakhale zoti wapita liti kuchimbudzi.

"Mkazi wofunsa za kudzimbidwa kwako, ameneyo ndi mkazi wa m'nyumba," anatero Petson.

Tsiku limene anamutenga magazi, Evaristo anabwera kudzenje akuimba. "Magazi ayeza kale! Manje kwatsala kulengeza m'tchalitchi."

Anagula foni yogwiritsidwa kale ntchito, yaikulu ngati sopo wochapira, mameseji n'kuyamba kuuluka.

"Duwa langa, uchi wanga, wadya?"

"Ndadya. Inu musambe m'manja musanadye."

"Ndikulonjeza, sindidzakusiya mpaka manda."

"Lonjezani kubwera Lachinayi."

Kangapo Miyoba anamuuza mosamala: "Ba Evaristo, fumbi la ku ofesi yanu ija likukuwonongani. Magazi akunena. Musiyeko." Evaristo anangomva mkazi wofuna kukhala ndi mwamuna wake pafupi. Kusiya bwanji pamene mphete inali isanagulidwe? Anawonjezera maola. M'mimba munkapota, fosholo inkapulumuka m'manja, koma ankati ndi kutopa chabe.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi, anafika Lachinayi tayi itasitidwa. Anatseka chitseko cha kachipinda koyezera n'kugwada.

"Miyoba wanga, moyo wanga ndi..."

Mphete inagwa, ngwii, n'kugubuduka mpaka pansi pa sikelo. Anafuna kuitola. Dzanja lamanja linangolendewera pamfundo ngati khosi la nkhuku yophedwa.

Miyoba anagwada nayenso. Anagwira dzanjalo, osati mphete.

"Layamba liti kugwa chonchi? Dzutsani zala. Dzutsani!"

Zala zinakana.

"Ndi zimene ndimaopa. Mtovu wafika m'mitsempha. Lero simubwerera kunyumba, mugonekedwa." Anatsegula fayilo yonenepa kuti alembe. Kenako m'pamene anaona chonyezimira pansi pa sikelo. Cholembera chinaima.

"Ba Evaristo, pepala lija munaliwerenga?"



Miyoba analitulutsa n'kuyamba kulimasulira m'Chinyanja, mzere ndi mzere. Linkanena kuti wosainayo akuvomera kukhala wodwala wotsatiridwa pa maphunziro a namwino Miyoba Hamweene. Kuti adzayezedwa mlungu uliwonse. Kuti dzina lake lidzabisidwa, adzangotchedwa Wodwala E.

"Tsiku loyamba lija ndinaona mzere wakuda m'usinini mwanu mukuseka," anatero. "Ndinadziwa kuti mumakumba. Anzanu amathawa chipatala, inu munabwera nokha. Za ukalaliki ndinazisiya kuti ndisakuchititseni manyazi."

"Nanga zala zija? Nanga kundiyang'ana m'maso?"

"Ndimayeza mphamvu ya dzanja. M'maso ndimaona ngati magazi akuchepa."

"Nanga duwa langa, uchi wanga? Sunakane!"

"Odwala aamuna onse amatero. Mdala wa bedi lachitatu anandilonjeza famu." Kenako anawonjezera: "Ndili ndi wondidikira ku Monze. Ng'ombe za malowolo zinapita kale kwathu."

Kodi mtima umasweka ndi phokoso? Wa Evaristo unasweka mwakachetechete, panja ana akulira pamzere wa katemera.

Miyoba anatseka fayilo. Maso ake anali atafiira. "Kulakwa ndi kwanga. Ndikanakuwerengerani ndekha. Munthu akasaina chimene sanamve, sanavomere. Zonsezi, miyezi isanu ndi umodzi, sindingazipereke kusukulu. Koma mankhwala mulandirabe, musade nkhawa."

"Ndiye mulephera mayeso?"

"Ndidzayambiranso chaka chamawa."

Evaristo anayang'ana fayiloyo. Chibadwire palibe munthu anamulembapo masamba ochuluka chotere. Mutu wake, mimba yake, tulo take, zonse zinali mmenemo, zosungidwa bwino kuposa mmene iye anadzisungira.

"Mmenemo muli zothandiza a Petson ndi anzanga akudzenje?"

"Muli."

"Muli ndi pepala lina ngati lija, losasainidwa?"

Linalipo. Miyoba anamuwerengeranso kuyambira pamwamba, ndipo ulendo uno Evaristo anafunsa mafunso atatu. Atamupatsa cholembera, chinagwa. Anayesanso, chinagwanso.

Miyoba anatsegula kabati n'kutulutsa kabokosi ka inki kamene amadindira azigogo akumudzi.

Kalaliki uja anamasula tayi ndi dzanja lamanzere, anatola mphete n'kuikulunga m'tayimo. Kenako anaviika chala chachikulu mu inki.

"Ba Sister," anatero akudinda, "pamene pali Wodwala E, mulembeko kuti ankaseka bwino."