Botolo la Malemu Dzanjo

Mitambo ikada pamwamba pa phiri la Dedza, kaiti ya Dzanjo inkakwera yokha. Inali ya chitsulo chopepuka, yotambalala ngati denga la tchalitchi, ndipo inkalowa m'mimba mwenimweni mwa mtambo momwe mumabadwira mphenzi. Mphenzi ikang'anima, pamodzi ndi kuwalako pamabadwanso timbewu tosaoneka, totsutsana ndi chinthu chilichonse cha pansi pano. Kambewu kotere kakakhudza mpweya, madzi kapena chala cha munthu, kambewuko ndi chokhudzidwacho zonse zimatheratu n'kusanduka moto. Kaiti inkakola timbewuto n'kutitsitsira m'botolo la maginito, momwe tinkayandama pakati osagunda khoma. Timbewuto anthu anatitcha apongozi, poti sitinkayenera kukumana ndi aliyense. Ana anapeka ndagi yawo: mlendo wanga sagona pamphasa, ukamupatsa moni mufera limodzi.

Botolo limodzi lodzaza linkakankha chombo mpaka kumwezi, ndiye mabanja ambiri a m'tsinde mwa phiri anasiya kachewere n'kuyamba kulima mphenzi.

Dzanjo anagwa pa nsanja ya kaiti dzinja lili pakati, n'kufera pomwepo. Botolo lake linali litatsala pang'ono kudzaza. Linkakhala pakona ya chipinda, chingwe chake chili pa magetsi nthawi zonse, likulira chapansipansi ngati njuchi za m'mphako.

Tsiku lometa, a Maliseni, akulu ake a malemu, anafika ndi lole ndi anyamata awo. Ananyamula mipando, bedi, loboti yopalira, mpaka makatani. Nangondo, mkazi wa malemu, anangokhala pansi ndi mutu wake wometa, mwana wake Mwatitha atamutsamira. A Maliseni atagwira chingwe cha botolo, Nangondo anatsegula pakamwa.

"Alamu, tengani zonse. Koma ilo musalizule."

"Mwamumva? Pa mipando anali bubu, apa pakamwa patseguka!"

"Likachoka pa magetsi, batire lake silikhalitsa. Maginito akafooka, apongozi agunda khoma. Itanani a ku depoti yogula mabotolo abwere ndi galimoto yawo, chonde."

"Kuti adzalembe dzina lako, udyerere ndi kamwamuna kena? Iwe pano unabwera ndi chitenje chimodzi. Ku Lilongwe ndikalipereka ndekha."

Anazula. Botolo linayamba kuyankhula ndi mawu aulemu a mtsikana: "Magetsi achoka. Chonde ndibwezereni. Magetsi achoka."

"Nalonso ndi lolongolola ngati mwini nyumba," anatero a Maliseni, anyamata n'kuseka. Analikulunga m'bulangete la malemu mpaka mawuwo anasanduka kung'ung'udza. Kenako analoza Mwatitha. "Uyunso akwere. Ng'ombe tinapereka, mwana ndi wathu."

Nangondo anawagwira mwendo. "Mwanayo ayi, alamu! Kapena musiyeni lero, mudzamutenge mawa. Ndidzabwera naye ndekha, ndikulumbira."

"Mawa udzakhale uli ku Mozambiki? Tachoka apa!"

Anamukankha ndi bondo. Anyamata aja anamukweza Mwatitha pamwamba pa matiresi, ndipo poopa mabampu, a Maliseni anamuikira botolo pamiyendo.

"Fungatira bwino, mayi. Ndi thukuta la abambo ako limeneli."

Mwatitha analikumbatira ndi manja onse awiri, tsaya ataligoneka pa bulangete. "Amama, likutentha ngati mwana wa mbuzi," anatero.

Lole inanyamuka. Nangondo anaithamangira wopanda nsapato, akukuwa kuti ayime pa golosale ya pamphambano, alowetse chingwe ngakhale pang'ono chabe. Anthu a m'mbali mwa msewu ankangomva za chingwe ndi botolo, n'kumagwedeza mitu kuti mkazi uyu mwamuna sanaole n'komwe, mtima uli kale pa chuma. Mnyamata wina wa pa lole anamuponyera poto.

"Nayo yanu, aunt, musiye kulira!"

Poto inamugunda pachifuwa, anagwa. Podzuka, lole inali ikutsetsereka kulowera ku mlatho, Mwatitha akuoneka ngati kadontho pamwamba pa katundu.

Tsikulo kumwamba kunali ngwee, kopanda ndi kamtambo komwe. Kunangowala, kuwala koyera kuposa dzuwa, mithunzi ya mitengo n'kuthawira mbali imodzi. Phokoso linafika mochedwa. Pomwe panali mlatho panatsala dzenje lofuka, madzi a mtsinje akugweramo n'kumawira. Panalibe choti n'kuika m'bokosi.

Nangondo anakhala m'mphepete mwa dzenjelo akuitana mwana wake mpaka mawu anamuthera. Kumbuyo kwake khamu linkakula, ndipo kunong'ona kunayamba.

"Mphenzi yanji yogwa popanda mtambo?"

"Yotumiza imeneyo. Simunamuone akuloza lole?"

"Mpaka mwana wake yemwe! Mfiti ilibe chisoni."

Ambiri mwa iwo anali ndi mabotolo omwewo m'zipinda zawo, ndipo ankadziwa bwino chimene chinachitika. Koma kuvomereza kukanatanthauza kuti nawonso amagona ndi imfa kumutu kwa bedi, ndiye anatola miyala.

Nangondo sanathawe, sanatembenuke n'komwe. Anthu amene anaphunzira kutsekera mkwiyo wa mitambo m'botolo anali asanapeze chotsekeramo wawo.