Mpumiro wa Kumapeto

Lachisanu madzulo, antchito ataweruka, mayi mwini kampani yosindikiza mabuku anatsala okha mu ofesi. M'chipindamo munkanunkhabe inki ndi guluu. Pa desiki panali pepala limene mwana wawo wamkazi, katswiri wa makompyuta, anawalembera. Linali ndi mizere itatu yoti aikopere pa tsamba la adiresi ya kampani, kuti maimelo asiye kupita kumene ankasungidwa kale, azifikira kwatsopano.

"Koperani ndendende, amayi," anatero mwanayo pa foni. "Kalata ili ngati mlendo. Mukamulozera molakwa, akagogoda khomo la eni."

"Nanga bokosi la maimelo la bambo ako?"

Mwanayo anati, "Makalata awo ndasamutsa onse. Koma yankho lija lodzitumiza lokha silisamuka. Bokosi lakale likatsekedwa, lipita nalo."

Yankho limenelo ndilo linkawadya mtima mayiwo. Amuna awo ankakonza zolakwika m'zolemba, ndipo antchito ankawatcha a Mpumiro, chifukwa ankabweza tsamba lonse pa kadontho kamodzi kosowa. Popita ku chipatala, miyezi isanu ndi iwiri m'mbuyomo, anasiya yankho pa imelo yawo: "Ndatuluka pang'ono. Zachangu funsani mayi, amadziwa zonse." Sanabwerere. Kuyambira pamenepo mayiwo ankawalembera madzulo alionse, mawu awiri atatu, ndipo yankho linkabwera. Sanauzepo munthu.

Anakopera mizere ija, nadzitumizira kalata yoyesera kuchokera pa foni. Sinafike. Ola linatha. Lachiwiri linatha. Anaimbira mwana wawo, foni inali yozimitsa. Mumsewu magalimoto anatheratu.

Pamenepo analembera amuna awo. "Tikusamuka, bambo. Zikundikanika. Ndiponso ndikukusiyani m'nyumba yakale."

Kumbuyo kwawo, pa tebulo limene malemuwo ankawerengera, mpando unalira. Unalira kamodzi, momwe umalirira munthu akakhalapo. Mayiwo sanali munthu wokhulupirira zilizonse. Matabwa amalira usiku kukazizira, ankadziwa zimenezo. Komabe sanatembenuke.

Kenako anamva fungo la pensulo yongosongola kumene.

Kompyuta inalira. Yankho linali lafika, mawu omwe aja. Koma m'munsi mwake munali mzere umene sanauonepo:

"Mzere wachiwiri. Mwasiya mpumiro kumapeto."

Anatenga pepala lija naligunditsa pa sikirini. Anawerenga chobwerera, kuyambira kumapeto, monga amuna awo anawaphunzitsira ali pa chibwenzi. Kadonthoko kanalipodi pa pepala. Iwo ankakayesa chitosi cha ntchentche.

"Ngakhale pano simusintha, inu," anatero chapansipansi. Anaseka, misozi ili m'masaya. Anaika kadontho kaja.

Pasanapite nthawi kalata yoyesera inafika, zina n'kumatsatira, imodzi imodzi, ngati nkhuku polowa m'khola. Mpando unaliranso, momwe umalirira munthu akanyamuka. Atatembenuka anangoona tebulo ndi nyale yozima.

M'mawa anafotokozera mwana wawo. Iye anawerenga yankholo kawiri.

"Amayi, bokosi lakale ndinalitseka titangomaliza kulankhula. Sindinafune kuti muzicheza nalo usiku wonse." Ananena kuti mwina makina anachedwa kumva kuti bokosi latsekedwa, zimachitika. Koma mzere woonjezera uja anangopempha kuti amutumizire, ausunge.

Lolemba nkhani inali m'kamwa mwa antchito. Womata mabuku ananong'oneza woyendetsa makina kuti palibe chodabwitsa: a Mpumiro sakanalola tsamba lituluke lolakwa, ali moyo kapena ayi.

Madzulo a tsikulo mayiwo analembanso, monga mwa chizolowezi. Anadikira mpaka mdima. Yankho silinabwere, ndipo anapeza kuti mtima sunawapweteke monga ankaopera. Analemba kalata ina, ya mawu awiri okha, "Pumani tsopano", naiyang'ana nthawi yaitali.

Kenako anaika mpumiro.