Tsamba Lomaliza la Kabuku ka Eliya

Tasneem ankagulitsa mtedza wokazinga pa msika wa Mbare Musika ku Harare, ndipo mapepala okulungira sankagula. Eliya, bambo wa ku Congo wa chipinda choyandikana ndi chake, atamwalira anasiya bokosi la timabuku ta zithunzi, takalekale, ta Chifalansa. Abale sanabwere. Tasneem analikokera kwake.

Munali amuna ouluka ovala zothina, zombo zopita ku nyenyezi, mitembo yodzuka. Iye anali atayamba sukulu ya akuluakulu, koma zolembedwa mmenemo zinkamukana. Zilembo zomwezo, mawu osatuluka.

"Zachabechabe," anatero, n'kuyamba kung'amba. Ankayambira kumapeto, poti mwana wake wamkazi Iqra ankakonda zikuto ndi masamba oyamba.

Kabuku kena Iqra ankagona nako. Munali munthu wa chipewa chachikulu ndi chijasi chachitali, wotuluka m'manda. Pomwe masamba anadukira, anali atagwira kamtsikana pamkono.

"Mhamha, zinatha bwanji?" Iqra anafunsa mayi ake.

"Zinathera mu mtedza. Gona."

Tsiku lina magetsi anazima dzuwa litangolowa. Tasneem ankabwerera, beseni pamutu, kudutsa pakati pa mafulati. Pa ngalande panali munthu atawerama, akutola mapepala. Anaweramuka. Chipewa chachikulu. Chijasi chachitali.

Anaima pakati pa njira.

"Patukani, bambo. Ndatopa ine."

Sanapatuke. Kombi inadutsa, nyali zake zinamuwalira. Anali woyera ndi wakuda basi, nkhope yake timadontho tokhatokha. Ankanunkha ngati bokosi la Eliya lija. M'manja anali ndi masamba amafutamafuta, owongoledwa bwino, osanjidwa.

"Latsala limodzi," anatero. Mawu ake ngati pepala likung'ambika. "Lomaliza."

"Ndinayatsira mbaula. Mukufuna phulusa? Chokani, mfiti inu, ndikuwa!"

"Nanga ndibwerera kuti?"

Anadzutsa mutu, n'kuyang'ana zenera la chipinda cha Tasneem m'mwamba, pamene kandulo ankayaka. Kenako anatembenukira cham'mbali. Zii. Panalibenso munthu, monga momwe pepala limasowera ukaliyang'ana m'mphepete.

Beseni linagwa. Tasneem anakwera masitepe akupunthwa. Iqra anali atakiya mkati monga mwa masiku onse, ndipo anatsekula akuyasamula. Pamkono pake panali zala zakuda, ngati za inki.

"Wakugwira ndani?"

"Palibe, mhamha. Ndimangoona buku."

Sopo sanachotse. Palafini sanachotse. Tasneem anapemphera madua onse amene ankawadziwa. Ali mkati mopemphera, kunja kwa chitseko kunayamba phokoso. Kwee. Kwee. Pepala likukwekwesa simenti, likufuna mpata wapansi.

Mantha aja anasanduka ukali. Tsiku lonse padzuwa, kulimbana ndi akuba a pa Musika, usiku adzalandidwe mwana ndi chojambula? Anang'amba tsamba m'kope lake la kusukulu, n'kutenga pensulo. Kujambula sankatha, koma dzenje ndi dzenje. Anaikamo munthu chagada, chipewa pamimba, dothi pamwamba, chimwala pamwamba pa dothi. M'munsi analemba pang'onopang'ono, lilime lili panja: ZATHA.

Analikankhira pansi pa chitseko ndi pensulo yomweyo. Kunjako china chake chinakoka.

"Nalotu! Pita ukagone, galu iwe!"

Phokoso linaleka.

Kutacha zala zija zinali zitayamba kuzilala. Pampopi, mayi Annet a chipinda chakumapeto anamva nkhani yonse, n'kumukokera pambali.

"Eliya sankabwereketsa timabuku tija. Ankati kabuku kotere ukakatsekula, ukawerenge mpaka kumapeto, chifukwa zinthu zimenezi zimapita kumene buku laziuza."

"Ndachiuza kale," anatero Tasneem, akutsuka beseni mwaukali. "Nkhani yatha."

"Eya, mwachita bwino. Nanga pensulo ili kuti?"

Tasneem anasiya madzi akutayika. Anafufuza pakhonde ponse, pamasitepe, mpaka ku ngalande kuja. Sanaipeze.

Inali pensulo yatsopano, ya kalabala kofufutira kumapeto.