Masiki ya Ulusi Wofiila

Iwe mnzanga, bwela ukhale apa. Ngati ukudya siya kaye mbale, chifukwa nkhani iyi ili na mamina mkati. Nakuchenjeza!

Winfrida anali nesi pa chipatala china muno mu Kafue. Nthawi ya korona anamupatsa nchito yopima anzake apanchito. Lolemba likafika, madokota, okolopa, ba mu kichini, onse pa laini, iye nkumawalowetsa kamtengo ka thonje m'mphuno mpaka misozi mbwee.

Tsiku lina mvula inamupeza pa siteshoni ya Nangongwe, maminibasi onse odzaza. Ambulansi ya chipatala chawo inaima, galasi nkutsika.

"Ba sista, kwelani. Mngelo sayembekeza minibasi."

"Ba draiva, iyo ni galimoto ya odwala."

"Nanga ine? Nangokuonani, mtima wayamba kulila kupambana sailini."

Draivayo anali Lastone. Winfrida anaseka, nkukwela. Kugwa kwake kunali pamenepo.

Mameseji anayamba kubwela ngati inswa. "Shuga wanga, wadya?" "Kamtima kanga, nakulota." Ina anaiwelenga mpaka foni kutentha: "Korona ikangotha nituma ba nkhoswe kwanu ku Shimabala. Ukaona nanama, unilavulile."

Mtsikana anasungunuka. Anatenga chitenge chake chobiliwila chimene ba mayi bake anamugulila, nkudula, nkumusokela masiki na manja. Ulusi wobiliwila unathela pakati, anamalizila na wofiila. Lastone anaipsompsona.

"Iyi nizafa nayo, bebi. Ikakhala pakamwa panga, ni iwe wakhalapo."

Ndani sangakhulupilile?

Manje Lolemba lina laini ili mbwee panja pa tenti, Lastone anakokela Winfrida kumbuyo kwa tentiyo. Maso ofiila, mphuno ikudontha, akukoka mamina fwii, fwii.

"Bebi, lelo usanipime. Ungonena kuti nili bwino."

"Iwe Lastone, ukutsokomola! Ndipo umanyamula odwala."

"Ni fumbi chabe. Akanitsekela m'nyumba nizakuona bwanji? Ufuna nife na kukusowa?"

Winfrida anadziwa kuti akanama nchito yatha, ndipo aliyense wokwela ambulansi ija atenga matenda. Koma mawu aja, mayo! Anayang'ana pansi.

"Khala kumapeto kwa laini, tiona. Nanga masiki yanga ili kuti? Wavala ya pepala bwanji?"

"Nachapa, kamtima. Ili pa waya."

Anabwelela pa tebulo mtima uli pawili. Anapima mlonda, anapima dokota. Kenako pampando panakhala Gwendolyn, wa mu kichini, amene amagawa phala m'mawodi.

Winfrida anakweza maso. Chitenge chobiliwila. Ulusi wofiila m'mbali!

"Tsitsani masiki," anatelo.

Gwendolyn anaitsitsa. Mnzanga, mkati muja! Munali monyowa tepetepe, lipisitiki yamata, mamina ouma agwilana na atsopano, pakona kadontho ka supu ya kapenta. Winfrida anadzikakamiza kumwetulila.

"Yabwino masiki yanu. Munagula kuti?"

"Awe ba sista, ni ba fiyanse banga. Anasoketsa kwa telala ku Lusaka." Gwendolyn anamwetulila monyada. "M'mawa uno aivula pankhope pawo nkunivalika ine, ikali yofunda. Ati nizimva fungo yawo tsiku lonse. Koma kachimfine aka, olo fungo ya anyezi sinikumva."

"Ba fiyanse banu ndani?"

"Ba Lastone ba ambulansi! Korona ikatha atuma ba nkhoswe."

Winfrida anameza malovu, nkufuna kuwalavulanso. Pakamwa paja iye anapapsompsona Loweluka! Chitenge cha ba mayi bake chasanduka chopukutila mphuno za anthu awili? Ndipo iye anatsala pang'ono kutaya nchito chifukwa cha nyansi imeneyi?

Anamupima Gwendolyn bwinobwino, mlandu sunali wake. Patapita kanthawi kachipangizo kopimila kanaonetsa mizele iwili. Korona.

"Khalani pa benchi apo, musabwelele ku kichini." Kenako anakuwa kuti laini yonse imve: "Ba Lastone! Bwelani kutsogolo!"

Anabwela akunyada, nkumutsinzinila diso. "Bebi…"

"Pano ni ba sista. Kwezani mutu."

"Koma tinagwilizana…"

"Kwezani mutu, ba draiva. Masiki yanu yauma pa waya? Iyo apo, yakhala pa benchi."

Lastone anacheuka, anaona Gwendolyn akumubayibitsa. Nkhope inagwa. Kamtengo kanalowa, Winfrida nkukazungulutsa mosafulumila, monga amaphunzitsila ku sukulu ya unesi. Mwamuna uja misozi chuu, kenako etsi! Zonse zinamata pa galasi yotchinga nkhope ya Winfrida, nkumatsetseleka pang'onopang'ono.

"Paja unati nikulavulile ukanama," anatelo Winfrida. "Wayamba ndiwe."

Mizele iwili.

Winfrida anavula magolovesi, anasamba m'manja mpaka khungu kuwawa, nkuitana nesi mnzake. "Nipimeni na ine."

Mizele iwili, mnzanga. Mphatso yokhayo imene Lastone anamupatsa chiyambile.

Ndiye anakhala atatu pa benchi imodzi kudikila ba sista-ini-chaji, Winfrida kumapeto uku, Gwendolyn uko, chigawenga pakati chawelamila foni. Misozi ya Winfrida inali kulowa mu masiki, iye osaipukuta.

Mwadzidzidzi foni yake inalila. Nthawi yomweyo ya Gwendolyn nayo inalila. Onse awili anatsegula.

"Shuga wanga, usaope. Tizachila pamodzi."

Gwendolyn anasuzumila foni ya Winfrida, anayang'ananso yake. Anavula masiki ija na zala ziwili ngati wagwila khoswe wakufa, nkuiponya pamiyendo pa Lastone.

Manje iwe, ukanakhala Winfrida, kamtengo kali m'manja mwako, mphuno ya Lastone ili apo, ukanatani? Lemba pansipa. Ndipo amene munavalapo masiki ya bebi wanu ikali yofunda, musabisale, tikudziwani!